Tsiku Limene Ndinapikisanitsa Sowo ndi Makina

Ndaphunzitsa fizikisi zaka zambiri pa sekondale ina yoyendera, m'munsi mwa phiri la Zomba. Sukuluyo inalibe labu. Chimene tinkachitcha labu chinali kabati yachitsulo ya mu ofesi ya ahedi, ndipo kiyi wake ankasowasowa mpaka ndinaleka kumufunsa. Zida zanga zinali choko ndi pakamwa basi.

Mutu umene unkandizunza chaka ndi chaka unali wa Fomu 3, wa mphamvu ndi kayendedwe ka zinthu. Ana ankaloweza malamulo ake onse m'Chingerezi ngati mavesi a ku Sande sukulu, koma ukawafunsa chifukwa chimene wilibala yodzaza mchenga imavutira kuimitsa pamalo otsetsereka, ankangokuyang'ana dwii. Chonsecho ambiri a iwo ankakankha wilibala kwawo tsiku ndi tsiku.

Chaka china ife aphunzitsi a sayansi tinaitanidwa kumaphunziro a masiku atatu. Wotiphunzitsayo anatiuza kuti tileke kulira za labu. Anati titenge zida zimene makolo ankagwiritsa ntchito, tiziike pafupi ndi zamakono, ana adzionere okha pamene mphamvu ikulowera ndi pamene ikutayikira. Ndinabwerako mtima uli myaa. Sabata yotsatira ndinalowa m'kalasi nditanyamula munsi, khasu ndi legeni. Tinayerekeza mtondo ndi chigayo, khasu ndi thirakitala, mutu wa munthu wosenza ndi lole. Pa bolodi ndinajambula mzere pakati, kumanzere n'kulemba zakale, kumanja zamakono. Kalasi imene inkawodzera masana inayamba kukangana mpaka belu kulira.

M'kalasimo munali mtsikana wina wa m'mudzi wa m'mphepete mwa phiri, wovala mpango kumutu, wosalankhulalankhula. Ankakhala benchi yachiwiri. Tsiku lina ndinajambula munthu akutukula chipika ndi mtengo wautali, atautsamiritsa pamwala. Ndisanamalize n'komwe, mtsikanayo anaimika mkono.

"Madamu, mwalawo mwauika patali. Akatero sangachitukule."

"Bwera udzauike pamene ukufunapo."

Anabwera, anafufuta mwala wanga ndi chala, n'kujambula wina pafupi kwenikweni ndi chipikacho. Kenako anasuntha manja a munthu uja kuwafikitsa kunsonga kwa mtengo.

"Pamenepa sitinafikepo. Wazidziwira kuti?"

"Ababa amacheka matabwa kuphiri," anayankha motsitsa mawu, n'kubwerera pamalo pake.

Ganizo linandifikira nthawi yomweyo. Ana ataweruka ndinamuitana, ndikumuuza kuti ndikufuna kalasi yonse ikaone bambo ake akugwira ntchito. Anayamba kukanda desiki ndi chikhadabo.

"Madamu, ababa sadziwa Chingerezi."

"Sindikufuna Chingerezi chawo ayi. Ndikufuna ana akaone mmene amagwirira ntchito."

"Amacheka atavula malaya. Anzanga akaseka."

"Palibe akaseke. Ine ndikakhalapo."

Ndinanena zimenezo ndikulongedza mabuku m'chikwama, osamuyang'ana n'komwe.

Loweruka ndinanyamuka kwanga ku Zakazaka m'mawa, mtsikanayo n'kundichingamira pamsewu. Bambo ake ndinawapeza pakhonde akunola sowo ndi tupa, dzino limodzilimodzi. Inali sowo yaikulu ija ya anthu awiri, yaitali kuposa iwo eni. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, ndevu zitayamba imvi, kumutu kachisoti koluka ka Chisilamu. Akazi awo anandiyalira mkeka. Nditafotokoza chimene ndabwerera, bamboyo anaika tupa pansi n'kuseka.

"Aphunzitsi, ana a sekondale akaphunzire kwa ine? Inetu sukulu ndinalekezera Sitandade 3."

"Zimene mumachitazo ndi zomwe zili m'buku mwawo, bambo."

"Eti? Ndiye kuti wolemba bukuyo anachekapo matabwa."

Anavomera, koma anati lisakhale Lachisanu chifukwa ndi tsiku la kumzikiti. Anatembenukira kwa akazi awo n'kuwauza zina m'Chiyao, onse awiri n'kuseka. Pobwerera anandipatsa mapeyala anayi m'kajumbo. Zinkaoneka kuti nkhaniyo yawakomera.

Chimene sindinawauze n'chakuti ndinali nditalankhulanso ndi amuna ena awiri amene ankacheka ndi makina a petulo m'dera lomwelo. Sikuti ndinabisa dala. Kwa ine phunzirolo linali ndi mbali ziwiri, ndipo ndinkangokonzekera mbali zonse.

Tinakwera phiri Lachinayi lina m'mwezi wa June. Kunkazizira, chifunga chitakuta mitengo ya paini, kanjira kakuterera. Kangapo konse tinapatukira amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu, makosi ali gwa. Ana ankadandaula za nsapato zawo, ena akudyeratu zimene anatengera masana. Tinafika pamalo pamene mitengo inali itagwetsedwa, ponseponse zitsa zokhazokha ndi fungo la utomoni.

Bambo aja anali ndi alamu awo, amene ankacheka nawo limodzi. Tsiku limenelo anavala malaya oyera ochapa bwino, ndipo sanawavule mpaka mapeto. Ndinadziwa kuti mwana wawo wawapempha.

Chipika chimene anakonza chinali chachikulu moti ana anayi amphamvu atayesa kuchinyamula anangochigwedeza. Bamboyo ndi alamu awo anagoneka mitengo iwiri motsamira nsanja imene inali pamwamba pa dzenje. Aliyense anatenga mtengo wake wotukulira, n'kuyamba kuchigubuduza pang'onopang'ono, akuchitchinga ndi mwala kuti chisabwerere. Posakhalitsa chinali pamwamba, anthu awiri okha, popanda kubuula. Kenako anatenga chingwe chonyika m'madzi a makala, anachikunga m'litali mwa chipika, anachikoka pakati n'kuchitaya. Chinasiya mzere wakuda wowongoka. Alamu analowa m'dzenje, iwo anakwera pamwamba.

"Sowo iyi imadya potsika pokha," anauza anawo. "Ine wapamwamba ntchito yanga n'kuikweza ndi kuilondoza mumzere. Potsika imadzithandiza yokha ndi kulemera kwake, alamuwa amangowonjezera pang'ono. Mukaikakamiza imapindika."

Atacheka kanthawi anaima, n'kukhomera kamtengo kosongoka mumng'alu wa thabwa.

"Nanga kamenako n'kachiyani?" mwana wina anafunsa.

"Thabwa likaluma sowo mumatopa pachabe. Kamtengoka kamalitsegula kukamwa." Anatenga kansanza koviika mu oyilo wakuda n'kupaka chitsulocho mbali zonse. "Tamvani tsopano mmene ikulirira. Kulira kwasintha, eti?"

Ine ndinkangotenga mawu awo n'kuwaika m'Chingerezi cha m'buku: kulemera, kukhulana kwa zinthu, mphamvu yolowa ndi yotuluka. Ana ankalemba, ena akupempha kuti agwireko sowo. Mtsikana uja anaima kutsogolo nkhope ikuwala, ndipo kawiri konse anayankha funso la mnzake ine ndisanatsegule pakamwa. Pa zaka zanga zonse za uphunzitsi sindinaphunzitsepo bwino ngati ola limenelo. Ndikanati tiyeni tizitsika pamenepo, bwenzi ndilibe nkhani yolemba.

Amuna a makina aja anatulukira m'kanjira, wina atasenza makinawo paphewa, mnzake atanyamula chigubu cha petulo. Bambo aja anawayang'ana, kenako anayang'ana ine. Ndinauza kalasi kuti tsopano tiyerekeza zida ziwirizi. Ndinasankha chipika china chofanana ndi cha pansanja, ndinatulutsa foni kuti tiyezere nthawi. Liwu loti mpikisano sindinalitchule, koma ana analimva okha. Anagawikana pawiri n'kuyamba kukuwa.

Makina analira, phokoso linadzaza phiri lonse, utuchi uli mbuu. Thabwa lawo linagwa pansi pamene sowo ya bambo aja inali isanayende ngakhale mkono umodzi. Ana anaomba m'manja, ena akuimba malikhweru, onse n'kukhamukira ku makina kuti akawagwireko. Wina anakuwa kuti, "Agogo, pumulani, zathatu kale!" Phwete linali ponseponse. Ndinadzudzula, koma mawu anga sanamveke, ndipo kunena zoona, maso anga anali pa manambala a pa foni.

Bambo aja sanaleke. Anapitiriza kukweza ndi kutsitsa sowo, malaya oyera aja atanyowa thukuta n'kumatirira kumsana. Amene anatsala pafupi nawo anali mwana wawo yekha, atazyolika. Anacheka mpaka thabwa linatha, analitsitsa, analiimika pafupi ndi la makina lija. Lawo linali losalala. La makina linali lokhakhala, ndipo mtengo wambiri unali utasanduka utuchi. Zimenezi ndinaziona, koma nthawi inali itatha, ndipo sindinaitanenso ana kuti adzaone.

Ndinawakhazika pazitsa kuti alembe msangamsanga zimene aona, mbali ziwiri monga mwa masiku onse. Bamboyo anabwera akupukuta manja, n'kusuzumira m'kope la mwana wina.

"Akulemba chiyani apa, aphunzitsi?"

"Mbali iyi ndi ya zida zakale, iyi ndi ya zamakono."

"Sowo yanga ili mbali iti?"

Ndinaloza ndi chala.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Zakale. Komatu ufa umene tadya dzulo wachokera pa sowo yomweyi. Dzulo si kale ayi."

Sanalankhule mokwiya. Anandithokoza chifukwa chobwera, anagwira chanza ana amene anali pafupi, n'kubwerera pansanja pawo. Tikutsika ndinkamvabe sowo ikulira kumbuyo, mpaka makina anayambanso n'kuimiza.

M'mawa mwake anzake anali atayamba kale kumunena mtsikana uja kuti mwana wa zakale. Akamadutsa ankakweza ndi kutsitsa manja ngati akucheka. Ndinapereka zibalo, awiri ndinawalimitsa kuseri kwa zimbudzi, koma chipongwecho chinangobisala, sichinathe. Iye anasamukira benchi yakumbuyo. Mayeso ankakhozabe kuposa onse, koma mkono sanauimikenso. Ndinamuitana kamodzi kumufunsa ngati pali vuto.

"Palibe, madamu."

Ndinalandira yankho limenelo chifukwa ndi limene ndinkafuna kumva. Masiku omwewo phunziro langa linali litatchuka. Ahedi analiyamikira pamsonkhano wa aphunzitsi, ndipo anzanga a sukulu zina ankabwera kudzakopera mmene ndinalikonzera. Ndinkawafotokozera mokondwa, za foni ndi zonse.

Miyezi inapita, kalasi ija inalowa Fomu 4. Ogula matabwa a m'tauni ankafuna katundu wambiri ndiponso wamsanga, choncho ankapita kwa a makina. Zimenezi sizinayambe ndi ine, ndikudziwa, zinali zitayamba kale tisanakwere phiri. Alamu aja analowa ganyu yosenza matabwa kwa a makina omwewo. Ndipo sowo yaikulu ija munthu mmodzi sangacheke nayo.

Nkhaniyi ndinaimva kwa bambo a mtsikana uja eni ake. M'mawa wina m'mwezi wa November ndinakumana nawo pamsewu wotsika kuphiri. Anali ataima pambali akupumula, atagwirira njinga yosanjikiza nkhuni mpaka kupitirira mutu wawo. Kumbuyo kwa njingayo anamangirira kachipika ndi chingwe kuti kazikhwekhwerezeka pansi. Kuphazi anavala nkhwaira ya tayala, imene ankaponda nayo gudumu lakutsogolo pofuna kuchepetsa liwiro. Mabuleki enieni anali atatha kalekale.

"Mwaona, aphunzitsi? Ndalowa zamakono. Tsopano ndili ndi magudumu," anatero akuseka.

"Kodi katunduyu sanachuluke, bambo?"

"Wochepa sagula ufa. Mwanayo akulimbikira kusukuluko?"

"Kwambiri. Palibe amamuposa."

"Basi, ndi zomwezo. Mumugwire dzanja."

Anakwera, n'kuyamba kutsika, kachipika kaja kakufukula fumbi kumbuyo. Ndinawayang'ana mpaka anakhota. Ndinene zoona, chimene chinandibwerera m'mutu n'chakuti ndapeza chitsanzo chabwino cha kukhulana kwa zinthu. Tsiku lomwelo, pobwereza mutu uja ndi Fomu 4, ndinajambula njingayo pa bolodi, nkhuni, kachipika ndi phazi, osatchula mwini wake. Kalasi yonse inakopera. Mtsikana uja anangokhala, kope lili chitsekere.

M'mwezi wa February mvula inagwa sabata yathunthu osakata. Lolemba mtsikanayo sanabwere kusukulu, Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu mnzake wa mudzi umodzi ndi amene anandiuza. Bambo ake akutsika ndi nkhuni, chingwe cha kachipika chinaduka pakona ina, msewu unali wonyowa, nkhwaira inaterera pagudumu. Njinga inapita nawo kuphompho kwa miyala, nkhuni zonse zinawagwera pamsana. Amene anawatola ndi amayi otola nkhuni.

Ndinapita kuchipatala masana a tsiku lomwelo nditaweruka. Wodi ya amuna inali yodzaza, ena atagona pansi. Ndinawapeza atagona chagada, miyendo itafunditsidwa chitenje. Akazi awo anakhala pansi pafupi ndi bedi, mwana wawo ataima kumutu akuwaingitsira ntchentche.

"Aphunzitsi, mwavutikiranji mvula yonseyi?"

"Mukupeza bwanji, bambo?"

"Kumtundaku ndilipo. Kumunsiku sindikudziwa kuti kuli ndani."

Akazi awo anandiuza kuti msana wathyoka, ndipo adokotala anena kuti miyendo mwina sidzagwiranso. Anazinena akuyang'ana pansi, mawu osakwera osatsika.

"Mwanayu wandifotokozera," bamboyo anatero. "Akuti chinthu cholemera chikayamba kuthamanga sichifuna kuima. Akuti munawaphunzitsa. Ndamuuza kuti zimenezo ndinkazidziwa ndisanakwere n'komwe njingayo."

Ndinasiya shuga ndi buledi pakabati n'kutsanzika. Mtsikanayo anandiperekeza mpaka pageti. Ndinamuuza kuti mayeso atsala miyezi yochepa, asataye mtima, zimene aphonye ndidzamuthandiza.

"Ndamva, madamu," anatero, n'kubwerera m'kati akuthamanga mvula.

Atawatulutsa m'chipatala, vuto lalikulu linali kuwanyamula. Kuwatembenuza, kuwakhazika, kuwasambitsa, zonse zinkafuna anthu awiri. Mayi a mtsikanayo anali munthu wochepa thupi, wodwaladwala chifuwa, ndipo ana awo ena anali aang'ono. Achibale ankabwera masiku oyamba, kenako aliyense anabwerera kumunda kwake.

Tsiku lina mtsikanayo anafika kusukulu osavala yunifolomu, n'kundidikira panja pa ofesi ya aphunzitsi. Anandipatsa pepala lopinda. Anali atajambula malimu awiri a njinga, lina lopachika kudenga, lina lolendewera m'munsi, chingwe chikudutsa m'mphako mwa malimuwo.

"Ndachotsa matayala pa njinga ija, malimu sanapindike kwambiri. Madamu, ndikaika awiri chonchi, amayi angathe kukoka okha?"

Ndinayang'ana pepalalo kanthawi, ndikufufuza cholakwika. Panalibe. Ngakhale mivi yosonyeza kumene mphamvu ikulowera anaiika pamalo pake.

"Angathe. Koma mtanda wa dengawo ndi wolimba?"

"Ababa akuti ndi wolimba."

Loweruka ndinapita kukaona. M'kachipinda kamdima, malimu aja anali atapachikidwa monga anajambulira. Anasoka matumba awiri a feteleza kukhala ngati kampando, n'kuwalowetsa bambo ake m'menemo. Mayi ake anagwira chingwe n'kukoka. Malimu analira kwii, bamboyo ananyamuka pamphasa pang'onopang'ono, mwana wawo akuwongolera miyendo, mpaka anakhala pampando wa pafupi ndi khomo pamene pankalowa dzuwa.

"Musaope, aphunzitsi," anatero ataona ndikuyang'ana kudenga. "Mtanda umenewo ndinacheka ndine. Ungathe kunyamula ng'ombe."

Tonse tinaseka, mpaka mayi ake anayamba kutsokomola. Ndi tsiku lokhalo limene ndinamva kuseka m'nyumba imeneyo chichitikire ngozi. Kenako ndinaona nkhope ya bamboyo ikukwinyika ndi ululu, thukuta likutuluka pamphumi, ndipo anapempha kuti awagonekenso.

Panja ndinamuuza mtsikanayo kuti popeza amayi ake akutha okha, Lolemba abwere kusukulu. Ndipamene ndinaona nkhata ndi chikwanje pakhonde, ndi mikwingwirima m'manja mwake. Anali atayamba kukwera phiri ndi amayi a m'mudzimo kukatola nkhuni zogulitsa.

Ndinapitako katatu kukamunyengerera. Ndinamutengera makope a anzake, ndi mapepala a mayeso akale. Ulendo wachitatu bambo ake anandiitana m'nyumba.

"Ine ndamuuza kuti azipita. Akukana. Mukalipireni ndinu, mwina inu akumverani."

Mtsikanayo anali ataima pakhomo, atatsamira mphuthu.

"Ndikapita kusukulu mudya chiyani, ababa?"

Bamboyo anatembenuzira nkhope kukhoma. Ine ndinayang'ana makope amene ndinabweretsa ulendo wapita, ali pawindo, pamwamba pake ataikapo botolo la mankhwala.

Tsiku la mayeso a fizikisi ndinaima panja pa holo, monga mwini phunziro saloledwa kulowa. Kudzera pazenera ndinaona desiki yake, nambala itamatidwa pakona, popanda munthu. Woyang'anira mayeso anaikapo pepala, nthawi itakwana analichotsa. Zotsatira zitatuluka, ana asanu ndi mmodzi a kalasi imeneyo anakhoza bwino fizikisi, zimene zinali zisanachitikepo pasukulu pathu. Ahedi anandigwira chanza pamaso pa aphunzitsi onse.

Bambo aja anakhala chaka china ndi miyezi ingapo. Zilonda za kumsana zinayamba, sizinapole. Ndinkapitako mwa apo ndi apo, kenako maulendo anayamba kutalikirana. Ndinkadziuza kuti ntchito yachuluka, koma chenicheni n'chakuti fungo la m'chipindamo ndi ulemu umene ankandipatsa zinkandilemera. Anamwalira m'mawa wina, ndipo monga mwa mwambo wa Chisilamu anaikidwa tsiku lomwelo. Uthenga unandipeza mochedwa. Ndinafika amuna atanyamuka kale ndi jeneza, chonyamulira maliro chija, ndinangoona misana yawo akukhota kunjira ya kumanda. Ndinakakhala ndi amayi kuseri kwa nyumba. Mtsikanayo anandigwira chanza monga ankagwirira wina aliyense.

Panapita zaka zitatu ndisanamuonenso. Tsiku lina ndinapita ku Chikanda kukasiya nsalu kwa telala, ndipo ndinamuona m'mbali mwa msewu akukazinga mandasi pa mbaula, pafupi ndi nyumba zimene amagonamo ana a ku koleji. Anali ndi mwana kumbuyo. Anandizindikira ndisanalankhule, anandipatsa moni mwaulemu, n'kundikokera kabenchi. Anandiuza kuti anakwatiwa, amuna ake amayendetsa kabaza, mayi ake ali kumudzi ndi ana aja.

Ndinabwerako kawiri. Ulendo wachitatu ndinalimba mtima. Ndinadikira kuti ogula achoke, n'kumuuza kuti zimene ndinachita kuphiri tsiku lija zinali zolakwika, ndipo ndinayenera kupepesa bambo ake ali moyo.

Anapitiriza kutembenuza mandasi ndi kawaya.

"Ababa sanakukwiyireni, madamu. Ankauza anzawo kumzikiti kuti anaphunzitsapo ana a sekondale. Mpaka akudwala ankazinenabe. Amene ndinakwiya ndine."

"Unayenera kukwiya."

"Sindinasiyebe."

Ndinamuuza kuti pasukulu pathu tinatsegula makalasi a masana a anthu ofuna kulembanso mayeso, ndipo ndingathe kumulembetsa, mabuku ndimupatsa ndine. Ndinati mutu wake si wotayira pa mbaula. Anavuula mandasi, n'kuwaika m'beseni, n'kuwavundikira ndi nsalu.

"Ena mwa amene amagula panowa ndinali nawo kalasi imodzi. Amandipatsa moni bwinobwino. Zimenezo ndinazolowera." Anakonza mwana kumbuyo, n'kumanganso chitenje. "Koma inu mukabwera, tsiku lonse sindigwira bwino ntchito. Ndimapsereza mandasi, kunyumba ndimakalipira mwana popanda chifukwa. Musamabwere, madamu. Sindikunena mwachipongwe ayi."

"Ndamva."

"Za sukuluzo ndiganiza. Ndikafuna ndidzabwera ndekha, njira ndikuidziwa."

Anandikulungira mandasi awiri m'pepala, ndipo anakana kuti ndilipire. Ndinanyamuka, ndinayenda wapansi mpaka kunyumba ngakhale kunkawaza mvula.

Chiyambi cha temu iliyonse ndimapita ku ofesi kukaona mndandanda wa olembetsa makalasi a masana. Mpaka lero sanabwere. Nsalu zanga ndinayamba kusoketsa kwa telala wina wa ku Masongola, ndipo ndikakhala ndi chochita ku Chikanda ndimadzera msewu wakumunsi.